Mkamwa mwa Alamu

Pachipatalapo analowa ngati wokolopa. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, asisitala ena, akulu a anamwino, anaona kuti mayiwa sanyansidwa ndi kanthu, n'kuwatumiza ku kosi ya miyezi itatu. Atabwerako anawaika m'chipinda cha odwala mwakayakaya kuti azithandiza anamwino kutembenuza odwala, kuwapukuta ndi kuwatsuka mkamwa. Kutsuka mkamwako ndiye kunawapatsa dzina. Aliyense, kuyambira madokotala mpaka alonda apageti, ankawatchula kuti Amswachi.

Odwala a m'chipindamo sapuma okha. Kapaipi kamalowa mkamwa mpaka kukhosi, makina n'kumawapumira. Munthu wotero satsokomola, sameza malovu bwinobwino, ndiye tizilombo ta mkamwa timatsetsereka ndi kapaipiko mpaka m'mapapo. Amswachi anaonapo anthu obwera ndi vayirasi, vayirasiyo n'kuyamba kugonja, koma chibayo china n'kuwapeza pabedi pomwepo. N'chifukwa chake pakatha maola anayi alionse ankazungulira mabedi ndi kambale, mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mkamwa. Akapeza kumutu kwa bedi kwatsitsidwa ankakweza, osafunsa kuti watsitsa ndani.

Chaka cha chifuwa choopsa, Lachiwiri lina m'mawa, pabedi lachinayi anapezapo alamu awo, akulu awo a bambo akunyumba. Alamuwa anali ophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo ankalankhula ndi dziko lonse ngati likuphunzira kubwerera m'mbuyo. Ndi omwewa amene ananena pa msonkhano wa banja kuti mng'ono wawo wakwatira mopu. Kuyambira pamenepo, zaka makumi awiri, awiriwa ankangopatsana moni basi.

Asisitala anafunsa ngati angakonde kusinthidwa mabedi, poti wodwalayo ndi m'bale. Amswachi anati ubale wake si wolepheretsa munthu ntchito. Anavala magolovesi, anatsegula pakamwa pa alamu awo, ndipo anaona kuti kumanzere kulibe mano atatu. Aka kanali koyamba kuona pakamwapo potseguka popanda chotulukapo.

Patsiku lachisanu ndi chiwiri thupi la alamu linatenthanso. Makhololo amene anamwino ankakoka mu kapaipi anasanduka achikasu, onata. Kulabu anati ndi mabakiteriya, osamva mankhwala oyambawo, ndipo adokotala anasintha mankhwala. Amswachi anabwerera pa tchati kukawerenga ngati pali ulendo umene anadumphitsa. Panalibe. Komabe masana amenewo chakudya sichinawalowe.

Akazi a alamuwo, omwe sankaloledwa kulowa, ankawadikirira pa benchi ya panja kuti amve za amuna awo. Amswachi ankawauza kuti zimenezo amafotokoza ndi adokotala. Tsiku lina mayiwo anawagwira dzanja osalitaya.

"Inu mumawagwira. Ndiuzeni zoona."

"Milomo sinang'aluke," anatero Amswachi. "Ndikuipaka mafuta."

Mayiwo anakhala pansi n'kulira, ngati auzidwa chinthu chachikulu.

Patatha milungu itatu kapaipi anakachotsa. Alamu anali ataonda, khosi ngati la botolo, mawu atatsala a manong'onong'o. Atazindikira amene waima pambali ndi kambale, anatseka pakamwa ndithu n'kutembenukira kukhoma. Amswachi anadikira. Anali atazolowera odwala osatsutsa, ndiye anachita kuganiza kaye chonena.

"Alamu, m'menemo ndalowamo kale kopitirira ka handiredi. Palibe chachilendo. Yasamulani."

Anayasamula.

Alamu anatuluka m'chipatala, koma mapapo sanabwerere mwakale. Akakwera masitepe asanu ankaima kupumira, ndipo ntchito yophunzitsa galimoto anaisiya, poti mpweya wokalipira unawathera. Alendo akabwera kudzawaona ankawauza kuti anapulumuka chifukwa cha makina akunja, odula kwambiri. Amswachi sanatsutsepo. Makinawo analidi odula.

Mwana wamkazi wa alamuwo atamaliza sukulu, bambo ake anamulembetsa maphunziro a unamwino, n'kulengeza kuti nzeruyo ndi yawo. Sukuluyo inali pafupi ndi kwa Amswachi, choncho Loweruka lina alamuwo anamuperekeza okha kumeneko ndi sutikesi. Anakhala pampando nthawi yaitali, akupuma movutikira, kenaka anapempha kuti mtsikanayo azigonera pomwepo, ndipo akamachita ulesi asamamunyengerere. Amswachi anasuntha mashini osokera kuchipinda chaching'ono, n'kupita kwa aneba kukabwereka matiresi.