Singano ya Esinati mu Injini ya Bambo

Ndikamva fungo la oyilo wakuda ndimamukwiyirabe mlongo wanga Esinati. Tili ana kwathu ku dera la St Mary's, kachitsulo koyezera oyilo kanathyokera mu injini ya thirakitala yakale ya bambo. Ndinalowetsamo waya wanga wopangira timagalimoto kuti ndikatulutse, koma n'kungokakankhira pansi. Esinati anabwera ndi singano yokhota yolukira madoili, tinsalu tokongoletsera patebulo, anakakola n'kukatulutsa uku akukukuta chimanga.

"Mwana ndi uyu," anatero bambo. "Iwe mfana, khala pakhomo."

Anamukweza pa thirakitala mpaka ku mashopu a ku Huruyadzo. Ndinalira mpaka azimayi a kutali ku dera la Unit C anaanula zovala poyesa kukubwera mvula. Kunama ayi, kawafunseni.

Poganiza kuti mtima wa bambo uli pa singanoyo, ndinaphunzira kuluka mobisa, kudikira kuti kachitsulo kaja kathyokenso. Sikanathyokenso. Lero ndimaluka kuposa Esinati, koma thirakitalayo sindinakwerepo.