Chaka Chimene Ndinaphunzitsa Mpheta Katekisimu

Malaya oyerawo amayi anawasoka pamanja. Nsalu yake inali thumba la ufa, limene analichapa mpaka zilembo zonse zinathawa. Anali oti ndidzavale polandira Ukaristia woyamba. Ankawasunga m'sutikesi pamodzi ndi masamba a nimu, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la nimu maondo anga amafuna kugwada okha.

Chaka chimenecho kwathu kwa Tengani mapira anabereka ngati akupepesa chifukwa cha njala imene tinali titangotulukamo. Bambo anali atapita kukadula nzimbe ku esiteti, nakapezako banja lina. Pakhomo tinatsala amayi, ine, kamlongo kanga ka kumsana, ndi munda umodzi.

Tsono ine ndinabadwa ndi mawu. Sindikunena mawu oimbira ayi. Tsiku loyamba m'kwaya ya ana nditakweza Aleluya, mileme inatuluka m'denga la tchalitchi dzuwa lili paliwombo, ndipo sinabwererenso. Ndikaitana mbuzi zathu, za ku Mozambique zinkabwera kudzaima m'mbali mwa Shire kudikira bwato. Amene akukayika akafunse eni mbuzizo. Aphunzitsi a katekisimu anandilamula kuti: "Iwe uzingotsegula pakamwa, mawuwo uziwasiya kunyumba."

Lamulungu lina Bambo Mfumu anabwera pa njinga yamoto, nalalikira za wantchito uja anakwirira pansi chimene mbuye wake anamusungitsa. Anati pa tsiku lomaliza Mulungu sadzakufunsa za mnzako, adzakufunsa kuti chimene ndinakupatsa unachita nacho chiyani. Kutentha konse kwa m'chigwa muno, ine ndinazizidwa. Mphatso ndinali nayo imodzi yokha, ndipo ndinkaikwirira m'tchalitchi momwemo, pamaso pa Mwiniwake.

Kenaka mpheta zinafika. Zinkabwera ngati utsi wa lupsa, zikatera ngala za mapira zinkawerama, zikanyamuka n'kusiya mankhusu okhaokha. Amayi ankaziingitsa okha, mwana kumsana, akukoka chingwe cha zitini. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita ku katekisimu, chifukwa lamulo linali lakuti wojomba adikira chaka chamawa. Amayi anakuwa mpaka mawu anawathera. Masana ena ndikutuluka pakhomo anandigwira mkono, nandilozera ndi chibwano nsanja imene inali pakati pa munda.

Ndinakwera. Matabwa ankawotcha kumapazi, mungu wa mapira ukuyabwa m'khosi. Poti ndinkaopa kuiwala zimene ndinaphunzira, ndinaganiza zoingitsa mbalamezo ndi katekisimu yemweyo. Ndinkadzifunsa ndekha n'kudziyankha ndekha, mawu onse. Pa malamulo khumi mpheta zinkabalalika. Ndikafika pa lakuti usabe, zina zinkagwa pansi chagada, miyendo m'mwamba. Amalume, amene ankawedza kumtsinje, anabwera kudzadandaula kuti ng'ona zasamukira kumunsi ndipo nsomba zazitsatira. Ndikulumbira, sindikuwonjezera ngakhale nthenga imodzi.

Aphunzitsi anatipeza kumunda, njinga ataitsamiritsa pa chulu. Anaima pansi pa nsanja, thukuta likudontha kuchibwano.

"Tsika. Mzimu wako ukuusinthanitsa ndi mapira?"

"Aphunzitsi, Mulungu akadzandifunsa za mawu anandipatsa, ndidzamulozera nkhokwe. Nanga m'kwaya mwanu muja ndidzaloza chiyani?"

Anatembenukira kwa amayi. "Mayi, muuzeni mwanayu atsike. Mlanduwu udzakhala pamutu panu."

Amayi anayang'ana mapira, nayang'ana ine. Anayankha m'Chisena, monong'ona, ndi kamawu kamene kanawatsalira: "Nkhabe." Ayi wawo anali ameneyo. Aphunzitsi anakwera njinga. Asanafike pamsewu ndinayamba Atate Athu, ndipo anthu amati chipewa chawo chinauluka popanda mphepo.

Sindiwada aphunzitsiwo. Nawonso anapatsidwa lamulo loti asunge, ndipo sanalikwirire. Koma ngakhale lero, imvi zili mbuu, atabweranso ndi njinga yawoyo sindingatsike. Pa tsiku lomalizalo tidzakumana, iwo ndi lamulo lawo, ine ndi mpheta zanga ngati mboni.

Tinakolola. Nkhokwe inadzaza mpaka inayamba kubuula usiku ndi usana ngati ng'ombe yokhuta. Anzanga analandira Ukaristia atavala zoyera, ine ndili kumbuyo ndi kabudula wa zigamba, chifuwa chili patsogolo. Ndinkadziona ngati wantchito wabwino uja. Chaka chotsatira ndinalandira, koma ndi malaya obwereka kwa amalume, chifukwa a thumba la ufa aja anakana kudutsa m'mapewa.

Chimene ndinkachiona osachimvetsa n'chakuti chaka chonse chodikiracho, nthawi yolandira ikakwana pa Misa, anthu akuima pamzere, amayi ankatsala pabenchi, maso ali pansi. Ndikawafunsa ankati bondo likuwawa. Ndinkakhulupirira, osadziwa kuti anali atasenza mlandu uja aphunzitsi anati udzakhala pamutu pawo. Bondolo linachira Lamulungu limene ine ndinaima pamzere, iwo ali pambuyo panga, dzanja lawo lili pa phewa langa. Ine ndinkangoti akukonza kolala.