Zikhadabo za galu wa madamu

Ine zikhadabo zanga sinditaya paliponse. Ndikawenga ndimazikulunga m'kapepala n'kukazikwirira pamalo podziwa ine ndekha. Amayi anga anandiphunzitsa choncho ku Ntcheu, ndipo adzukulu anga ndimawakumbutsa pafoni ngakhale amandiseka. Munthu wokufunira zoipa safuna zambiri, katsitsi kapena kachikhadabo n'kokwanira.

Chaka china madamu amene ndimawagwirira ntchito ku Constantia, dera la anthu olemera m'dziko la eni kuno, anapita kutsidya kwa nyanja miyezi itatu kukaona mwana wawo. Anandisiya ndi galu wawo, nkhalamba yakuda ya imvi kukamwa. Anzanga a kutchalitchi ku Maitland ndinasiya kuwayendera, chifukwa ukangouza mmodzi kuti mabwana achoka, mawa lake komboni yonse ya Gugulethu yadziwa kuti m'nyumba mwatsala gogo yekha. Ndiye wolankhula naye anali galuyo. Ndinkamuuza za mwana wanga amene anasiya kuimba foni, za bondo langa, zonse m'Chichewa, ndipo iye sankapita nazo kwina.

Pochoka madamu anati mwezi uliwonse kuzibwera bambo wa vani wosambitsa agalu ndi kuwawenga zikhadabo, ndizimutsegulira geti. Ndinavomera pakamwa pokha. Bamboyo ndinali nditamuonapo pawindo: akamaliza ankasesa ubweya ndi zikhadabo zonse, n'kuika m'jumbo, n'kupita nazo. Kupita nazo kuti? Galu wolondera nyumba, wina n'kumatenga za m'thupi mwake mwezi ndi mwezi. Ndinkati tsiku lobwera akuba, galuyo adzangowayang'ana ngati nkhosa. Komanso kwathu ndani anawengapo galu?

Mwezi woyamba analiza belu katatu, ine zii m'khitchini. Wachiwiri chimodzimodzi.

Chimene sindinaganize n'chakuti agalu a kwathu amayenda pamiyala ndi panthaka youma, zikhadabo zimaperepeseka zokha. Uyu ankaponda kapinga ndi kapeti basi. Anayamba kuterereka pamatailosi, kenako kutsimphina, akungonyambita mwendo wakutsogolo. Nditaunyamula ndinapeza kachikhadabo kam'mbali katapindika ngati mbedza n'kulowa m'mnofu. Panali patatupa.

Ndinatenga lezala latsopano. Nditamuitana anabwera, n'kundipatsa phazi yekha monga ankachitira popempha chakudya. Sindinkadziwa kuti m'kati mwa chikhadabo cha galu muli mtsempha. Ndinadula mozama. Analira kulira kumene sindinamumvepo, magazi akudontha mpaka pansi pa tebulo pamene anakabisala. Masiku anayi ankadya pokhapokha ine nditatuluka. Nyumba ya zipinda zambirimbiri, ine ndikulankhula ndi ketulo.

Tsiku lachisanu ndinaimba nambala imene madamu anamata pafiriji.

Bamboyo anafika masana, wamkulu ndithu, wa ndevu zoyera ndi kachipewa kachisilamu. Atamva ndikunyengerera galu m'Chichewa kuti atuluke, anatembenuka.

"Kani ndinu akumudzi, amayi? Ine ndi wa ku Machinga. Miyezi iwiri ndikuliza belu, inu mukundisuzumira pakatani."

"Sindinkakudziwani."

"Lero mwandidziwa?"

"Ayi. Koma galu akudwala."

Anaseka, n'kugwada pansi pa tebulo. Ataona phazilo kuseka kunatha.

"Munadula ndi chiyani apa?"

"Lezala."

Sanandidzudzule. Anatulutsa kopanira kake, n'kundionetsa kuti chikhadabo chakuda amadula nsonga yokha, pang'onopang'ono, ukaona kadontho pakati umaleka. Anati zikatalika galu amaponda mopotoka mpaka mfundo za miyendo zimawawa, ndipo mtsempha uja umatalika nazo limodzi. Anachotsa kambedza kaja m'mnofu, anatsuka bala, n'kunena kuti likapanda kuphwa pamasiku awiri ndipite naye kwa dokotala wa ziweto.

"Tamugwireni mutu, amayi, ndimalize akumbuyowa."

Nditayandikira, galu anatembenuza nkhope n'kuibisa m'khwapa mwa mlendoyo. Ndinaima pambali manja ali lende, mpaka anamaliza yekha.

Atatenga tsache ndinati, "Zimenezo zisiyeni pompano."

Anatsamira tsache lija. "Zimapita kubini izi, amayi. Ndikadakhala ndi mankhwala oterowo bwenzi ndikusambitsa agalu a anthu ndi ndevu izi?" Komabe anazitola chimodzichimodzi n'kundiikira m'manja. "Malemu amayi anga akanachitanso chimodzimodzi."

Tiyi sindinamupatse. Ndinamuperekeza mpaka geti litatsekeka, kenako ndinakazikwirira patsinde pa mandimu.

Bala linapola. Madamu anapeza galu wawo akuthamanga pakapinga, anandithokoza kuti ndinamusamala bwino, ine sindinawauze kanthu. Bambo wa vani ndimamutsegulira tsopano, ngakhale ndimaimabe pambali pake mpaka amalize.

Galuyo amadya m'mbale imene ndamuikira, amanditsatira pokayanika zovala, ndimamuuzabe nkhani zanga. Koma ndikatambasula dzanja amapinda phazi lija pansi pa chifuwa, n'kumangondiyang'ana. Sindimukakamiza. Nanenso ndikadakhala iye sindikanaliperekanso.