Kukaonetsa Achimwene kwa Dokotala wa Inshuwalansi

Achimwene anagundidwa ndi lole pa Kameza atakweza alamu pa njinga yamoto. Alamu anafera pomwepo. Achimwene anatuluka m'chipatala akuyenda okha, koma mutu sunkasunganso kanthu, ndipo anayamba kugwa khunyu. Za maliro tinawauza katatu, ndipo katatu konse analira ngati akumva koyamba. Kenako tinapangana kuti akafunsa tiziti alamu apita kukaoda tomato ku Limbe.

Mlandu wa chipukutamisozi ankatiyendetsera mayi wina wa ku bungwe loimira anthu ovulala mutu, wamfupi, wosadziwa kuseka. Anatichenjeza kuti dokotala wa kampani ya inshuwalansi akawaone achimwene mmene alili. Koma ndani ku Bangwe angapite ndi m'bale wake m'tauni ali mbuu? Amayi athu anawameta, kuwadzoza mafuta, kuwaveka suti ya ukwati. Dokotala atapereka moni, achimwene anayankha atagwira m'manja, mpaka kufunsa za ana kunyumba. Ulemu wokha ndi umene lole ija inalephera kuwachotsa. Dokotala anayamba kulemba akumwetulira.

Mayi wa bungwe uja anandinong'oneza: "Akalemba kuti achira, basi, mlandu wathera pano. Mankhwala a khunyu aja muzidzionera nokha. Palibe chimene mungamuonetse?"

Chinalipo, ndipo ndinkachidziwa bwino. Sindinganame kuti anandikakamiza.

"Achimwene, alamu ali kuti?"

"Ali ku Limbe, abwera pompano."

"Alamu anamwalira. Munali nawo pa njinga. Manda awo amera kale udzu."

Anandiyang'ana, kenako anatsetsereka pampando n'kugwa pansi akukuwa dzina la akazi awo. Mkodzo unatsika m'thalauza la suti. Amayi athu anandiwaza mbama dokotala akuona.

Dokotala anawapatsa madzi, n'kudikira mpaka atatonthola. Atawafunsa za akazi awo, achimwene anati ali kumsika. Apo dokotala anatembenukira kwa ine n'kunena kuti kamodzi kokha sikakwanira pa lipoti, ndibwerezenso. Ndinabwereza, mawu omwe aja, osachotsapo ngakhale limodzi.

Mlandu tinawina, ndipo mankhwala sasowa m'nyumba. Ndimadzida ndithu, ngakhale ndikudziwa kuti zitabwereranso ndingachite zomwezo. Amayi mpaka lero akafuna kundiuza kanthu amadzera mwa mwana wanga.

Tsiku limenelo tili mu minibasi pobwerera kuchokera kwa dokotala, achimwene anaona tsaya langa litatupa. Analigwira mosamala.

"Chemwali, wakumenya ndani? Undionetse, ndithana naye."