Mesenjala Wakale ndi Loko wa Komiti

Mesenjala wakale wa mumsewu mwathu sakhala pansi. Matenda a kuiwala adawalanda mayina a zidzukulu, koma miyendo ikukumbukabe ntchito. "Mpando ndi wa mabwana," amatero, uku akuzungulirazungulira m'chipinda.

Kunyumba kumene okalamba oiwala amaswera masana, komiti idaganiza zokhoma chitseko kuti asamasochere. Idawaitana a mesenjalawo pamodzi ndi mwana wawo wamkazi kuti imve maganizo awo, loko watsopano ali kale patebulo.

"Mayi, bambo anuwa angakonde chiyani?" adafunsa wapampando.

"Ndili pompano, bwana," adayankha okha, ali chiimire. "Mukanditsekera ndifa. Ine sindithawa ayi, ndimangosowa pobwerera. Tilambulireni kanjira kozungulira nyumbayi, kodzathera pakhomo pomwepa."

Mwana wawo, amene adawafunafunapo m'misika katatu konse, adavomereza ndi mutu.

"Talemba, bambo. Tikaunika," adatero wapampando.

"Kumene mapepala amakafera ndikudziwako. Ndinkawaperekeza ndine."

Potuluka adatola lokoyo, poti kwa mesenjala chilichonse chili patebulo pa bwana n'chokapereka. Kumene adakamupereka adaiwala. Chitseko chikadali chotsegula, ndipo komiti ikufufuza.