Mayina amene ndinawapeza mu tabuleti ya mkazi wanga

Ndikulemba izi ndi manyazi, pakuti ndine munthu amene ndinaulula matenda a mkulu wanga pamaso pa mkazi wake, ndipo ndinachita zimenezi ndikudziyesa wochenjera. Inu owerenga, makamaka amuna anzanga a mtima wansanje ngati wangawu, ndimvereni.

Ndine mlimi wa chimanga ku Chifunda, m'boma la Chama. Mafoni amakono opanda mabataniwa sindinawakondepo. Ndinkaona aphunzitsi ochokera m'tauni akuseka okha ndi galasi m'manja, ndiye ndinkati chinthu choseketsa munthu ali yekha sichingakhale chabwino. Foni yanga ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira, ndipo ikalira mudzi wonse umamva amene ndikulankhula naye.

Ndiye tangoganizani mkazi wanga, amake Tamara, akulowa m'nyumba ndi tabuleti. Ankathandiza mongodzipereka pa kachipatala ka kwathu, ndipo anesi anamupatsa chinthucho kuti azigwirira ntchito. Kunena zoona, nditachigwira koyamba chinandidabwitsa: chopepuka, choterera, chowala ngati madzi a pachitsime. Koma nditati ndione za m'kati mwake, chinafuna chizindikiro chachinsinsi chimene mkazi wanga ankajambula ndi chala atandifulatira. Mtima wanga unayamba kuwawa pomwepo.

Kwathu netiweki imapezeka pachulu china kuseri kwa sukulu. Kawiri pa sabata mkazi wanga ankakwera pachulupo, amvekere akukatumiza malipoti. Masiku ena ankayenda m'makomo. Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe ya bambo wina wa m'mudzi mwathu, akulankhulana motsitsa mawu, tabuleti ili m'manja. Atandiona onse awiri anangoti zii. Nditamufunsa kunyumba, anati ndi za ntchito, saloledwa kuonetsa munthu. Ndinati ngakhale mwamuna wako? Anati ngakhale inuyo. Yankho limenelo linandibaya kuposa mbama.

Ndinayamba kumuzonda. Ndinkanamizira kumata chubu cha njinga pakhonde, maso ali pa chala chake, mpaka ndinachiloweza chizindikiro chija. Tsiku limene anapita kumaliro, anasiya tabuleti ikutchajidwa pa sola. Ndinaitsegula. Chingerezi changa n'chopereweza, koma dzina la munthu ndimaliwerenga. Ndinaona mayina, pambali pake masiku, ndi kadontho kofiira. Dzina la bambo wa kunkhokwe uja linalipo. Analiponso mayina a akazi, koma maso a nsanje amaona zokhazo zimene akufuna. Sindinapitirize n'komwe kuona mmunsi. Ndinati umboni wakwana, awa ndi amuna ake ndi masiku amene amakumana.

Ndinaitana ankhoswe. Wa kuchimuna anali mkulu wanga weniweni, amene anabwera ndi mkazi wake, ndipo wa kuchikazi anali malume ake a mkazi wanga. Tinakhala pakhonde Loweruka m'mawa, anthu oyandikana nafe akunamizira kusesa pafupi. Ndinafotokoza zonse, kenako ndinatulutsa tabuleti n'kuitsegula monyada. Mkazi wanga anagwada n'kundipempha akulira kuti ndimutukwane mmene ndingathere, koma mayinawo ndisawatchule. Mkulu wanga nayenso anati nkhaniyi tiikambe popanda mayina. Ine ndinati ayi, lero chilichonse chikhale pambalambanda.

Ndinawerenga mokweza dzina loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chimodzi. Ndinakankha galasi ndi chala monga ndinkaonera mkazi wanga akuchitira, mayina ena n'kutulukira. Pakamwa panali patazolowera kale, moti lachisanu ndi chiwiri ndinalitchula ndisanaliganizire. Linali dzina la mkulu wanga.

Mlamu wanga anadzuka n'kuloza mkazi wanga, akufunsa ngati wafika poyenda ndi mwamuna wake. Mkazi wanga anangoweramitsa mutu. Akanatha kudziyeretsa ndi mawu amodzi, koma analumbira kuchipatala kuti sadzaulula. Anali mkulu wanga amene anamuombola. Anavula chipewa n'kunena motsitsa kuti, "Musiyeni mlamu, alibe mlandu. Amenewo ndife odwala. Tikajomba kukatenga mankhwala otalikitsa moyo, ndiye amatilondola. Manje mwamva nonse."

Mkazi wake sankadziwa. Mkulu wanga anali akusonkhanitsabe mphamvu zoti amuuze, ndipo amake Tamara ndiye ankamulimbikitsa kuti apite naye kukayezetsa. Ine ndinamulanda mpata umenewo. Osesa aja nawonso anali atamva mayina onse, ndipo dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kuchigayo.

Anesi anabwera kudzatenga tabuleti yawo, ndipo anauza mkazi wanga kuti ayambe wapuma. Sanamuitanenso. Tikukhalabe limodzi, koma munthu amene ankaimba posinja chimanga masiku ano amagwira ntchito ali duu. Mlamu wanga anabwerera kwa makolo ake ndi ana. Bambo wa kunkhokwe uja ndamva kuti sapondanso kuchipatala, ndipo ndikamuona mmene waondera ndimakhota njira.

Inu owerenga, zipangizozi mpaka lero sindizikhulupirira. Kanthu kakang'ono kotere kakusenza zinsinsi za mudzi wonse, ndipo chozitchinga ndi kachizindikiro koti mlimi ngati ine angakabe ndi maso. Amene mwapatsidwa kuti muzigwirira ntchito, samalani ngakhale ndi amene mumagona naye mphasa imodzi. Nanu amuna anzanga, si chilichonse chokiyidwa chimene chikubisa chibwenzi. Mkazi akati ndi za ntchito ndipo mtima ukukana, pitani mukafunse amene anamupatsa ntchitoyo musanaitane anthu. Mawu akatuluka sabwezedwa m'kamwa.

Mkulu wanga tsopano amakatenga mankhwala ku boma, ulendo wautali wa panjinga, pothawa maso a anthu. Mwezi watha ndinamudikirira panjira n'kumupempha kuti ndimupalasire njingayo, mwina angandikhululukire. Iye anati, "Ine ndine m'bale wako, ndilibe kothawira. Yamba wapita ukapepese asanu ndi mmodzi aja." Makomo awo ndimawadziwa onse, koma mpaka lero sindinagogode ngakhale limodzi.