Mayi wa pa sitampu

Dzulo, ndikufunafuna pasipoti ya malemu amuna anga kuno kunja, ku Bolton, ndinapeza envulopu yakale yochokera kumudzi. Pa sitampu yake pali anthu atakhala pabwalo, mayi mmodzi atakweza dzanja.

Sitampu yotereyi ndinaiona koyamba ndili mwana, chaka chimene amayi analowa m'komiti ya m'mudzi. Azibambo ankafuna chitsime chikumbidwe kumsewu kuti alendo azichiona. Mwambo unali wakuti mkazi akakhala ndi mawu azinong'oneza mwamuna wake, iyeyo akanene. Amayi anagwada pafumbi, chitenje chikununkha utsi, n'kunena okha: "Pepani azibambo, kodi madziwo mumasenza ndinu?" Chitsime chinakumbidwa pafupi ndi nyumba zathu.

Kalata ya amalume itafika ili ndi sitampuyi, ndinathamanga nayo. "Amayi, boma lakujambulani!"

Anaiyang'anitsitsa. "Iwe, ndinanenepapo chonchi liti ine?"

Sindinawakhulupirire. Sitampuyo ndinaimatula n'kuimata pachitseko ndi phala.

Mawa achibale ndi akumpingo akumana kuti agwirizane kumene amuna anga akagone. Alamu anga akuti andilankhulira. Ndawathokoza, koma ndikanena ndekha kuti agone konkuno, pafupi ndi ana. Amene azikasesa pamandapo ndine.